Ku South Sudan akonze kaye zinthu asanavote

A Mkonzi,

Chilandirireni ufulu wodzilamulira mu 2011, anthu a ku South Sudan sanaponyepo voti yosankha mtsogoleri. Nkhondo idabuka mu 2013, pangano la mtendere la 2018 likungotsimphina, ndipo chisankho adachikankhira ku Disembala 2026.

Boma la Pulezidenti Salva Kiir liyambe ndi khothi lapadera lozenga milandu ya nkhondo, lomwe panganolo lidalonjeza koma mpaka lero kuli zii. Mayi amene adagwiriridwa akadandaule kuti? Lifufutenso lamulo lolola akazitape a boma kumanga munthu popanda chikalata cha khothi. Ndalama za mafuta ziwerengedwe poyera, poti mphunzitsi akumatha miyezi osalandira malipiro. Asilikali nawo akhale gulu limodzi, osati mtsogoleri aliyense ndi ake.

Wowerenga wanu,
Lilongwe