Kontilakita ayambe wakwirira maenje ake asanalandire ndalama yomaliza

Akonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzi yathuyi ndidandaule za mmene makontilakita akumasiyira malo akamaliza kumanga kuno ku Dedza.

Chaka chatha kwathu kuno kufupi ndi Linthipe kunabwera kampani ina kudzamanga makalasi, dzina sinditchula, ndipo ineyo ndinagwirako ganyu yosakaniza simenti ndi mchenga nde zomwe ndikunenazi sizakumva ayi. Makalasiwo anatuluka bwino, sindinama. Anamangira mabuloko a simenti poti kuyambira 2018 malamulo omwe anakhazikitsa a NCIC, bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, salola njerwa zowotcha pa ntchito za boma ndi nyumba zikuluzikulu za bizinesi, ndipo apa ndikuwomba m'manja chifukwa amene anaonapo uvuni wa njerwa ukuyaka usana ndi usiku akudziwa mmene umadyera zikuni, mitengo ya mango yomwe siitsala, nanji phiri la Dedza ndi Chongoni zametedwa kale.

Koma anthu akuona ngati ukangogula mabuloko basi wasamala chilengedwe. Mchenga wa mabulokowo ukuchokera kuti? Malole amatsikira mumtsinje, anyamata akukumba mpaka kunsi kwa gombe, mvula itabwera gombelo linagumuka n'kutenga theka la dimba la mayi ena amasiye, tomato ndi kabichi yense ulendo.

Chomwe chikundiwawa kwambiri ndi dzenje lomwe anakumba kuseli kwa sukulu potenga dothi lothira pa maziko. Ndi lakuya loti munthu wamkulu ataimamo simungamuone mutu. Anangolisiya choncho kukamwa yasa. Dzinja lonse linadzadza madzi obiriwira, udzudzu uli ng'wee, ana a sitandade 2 akumakasewera m'mphepete pa buleki, ndipo mbuzi ya achimwene anga inafera momwemo ili ndi bere. Tikudikira chani, agweremo mwana kaye?

Matumba a simenti amatiuza tiziwotcha madzulo alionse pamodzi ndi mapulasitiki, utsi wake wakuda bii kumalowa m'nyumba za aphunzitsi. Tsiku lina ndinawafunsa afolomani kuti bwana, bwanji matumbawa osawaunjika pamodzi galimoto yobweretsa simenti izibwerera nawo, anangoti iwe ntchito yako ndi fosholo. Ndinakhala chete, ganyu ndi ganyu. Madzi otsukira mawilibala amathira mungalande yopita kumadimba, pomwe anadutsa madziwo dothi linauma gwa mpaka pano sipamera kanthu.

Chikhalirecho zinthuzi sizodula. Kukumba kadzenje kamodzi kotsukirapo zipangizo, kusunga padera dothi lapamwamba lachonde lija n'kudzalibwezera pomaliza, kuwaza madzi kuti fumbi lichepe, mapolo a bulugama kupita nawo kusaiti ina m'malo modula atsopano, zingathe ndalama zingati?

Lamulo la zachilengedwe la 2017 lilipo, a MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, alipo, kukhonsolo kuli ofesi yoona zachilengedwe. Komanso pa ntchito zambiri za boma pamakhala ndalama ina yomwe amaigwira kaye kudikira kuona ngati khoma silichita ming'alu. Nde akamabwera kudzayendera asamangogogoda makoma ndi kujambulitsa pa khonde, azizungulirako kuseli, afunse amfumu ndi komiti ya sukulu ngati malo abwezeretsedwa, akakana ndalamayo isatuluke. Kontilakita amamva msanga zikakhudza thumba.

Pano mitambo yayamba kale kukhala pamwamba pa phiri, ife tagwirizana Loweruka likubwerali tikatenge makasu ndi zidebe tikayambe kukwirira tokha dzenje lomwe wina analipidwa kale.

Wokhudzidwa,
Linthipe, Dedza