Tisamusiye yekha mphunzitsi watsopano

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko. Mwana wa mchemwali wanga wangoyamba kumene uphunzitsi pa sukulu ina ya pulaimale kuno ku Mangochi, kufupi ndi nyanja. Tsiku loyamba anam'patsa Sitandade 1: ana oposa 100 pansi pa mtengo wa mango, bolodi atalitsamiritsa patsinde. Ambiri mwa anawo kwawo amayankhula Chiyao, pomwe iye ndi wa ku Dedza, ndiye tangoganizani m'mene zinalili. Usipa ukachuluka, anyamata okulirapo sawoneka, ali kugombe.

Maphunziro aulere anabwera mu 1994, koma pasukulupa nyumba ya mphunzitsi palibe mpaka lero. Akugona m'kachipinda ka lendi kodontha. Inu a komiti ya sukulu ndi mafumu athu, tiyeni tiumbe njerwa mvula isanagwe.

Kholo lodandaula,
Mangochi