Dimba ndi masikono anga zasanduka za mtundu wonse

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 39, ndimakhala ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe pamodzi ndi amuna anga ndi ana athu atatu. Bambo a kunyumba ndi dalaivala pakampani ina. Kuyambira pomwe ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, malipiro awo akumatha mwezi usanafike n'pakati pomwe. Ndiye ndinati ndisangokhala manja lende. Ndinalima dimba kuseri kwa nyumba, ndipo ndinatenga ngongole kubanki m'khonde n'kuyamba kuphika masikono ndi zigumu zogulitsa.

M'dimbamo muli repu, mpiru, chayinizi, anyezi, bonongwe ndi tomato. Amene sanalimepo ndiwo zamasamba m'chilimwe amangoona ngati zimamera zokha. Mwezi wa September ndi October dothi la kuno limauma gwa, moti ndimathirira mbandakucha ndi madzulo dzuwa likapepa, madzi ake otunga pachitsime ndi ndowa chifukwa apampopi bilu yake sindingaikwanitse. Manyowa a zitosi za nkhuku ndimachita kugula. Tomato ndiye mwana wovuta kulera: kukatentha chonchi akangaude ofiira amadzaza kunsi kwa masamba, kwinaku mbozi ija akuti tuta ikuboola masamba ndi zipatso zomwe. Mankhwala ake ndi ndalamanso.

Masikono nawo ndimadzukira usiku. Ndimakanda fulawa nkhuku zisanalire, kuika yisiti, shuga ndi majarini, n'kufunditsa beseni kuti afufume pomwe ndikukoleza makala. Uvuni wanga ndi wa mgolo, makala pansi ena pamwamba, ndipo ukangotanganidwa pang'ono umapeza thireyi yonse yapserera kunsi. Pofika 6 koloko mwana wanga wamkulu amakhala wakasiya kale masikono kumaokala awiri omwe amandioda. Zotsala ndimagulitsa pakhomo. Ndalama imeneyi ndi yomwe ndimagulira sopo, makope, kubweza ngongole ija ndi kuponya masheya sabata iliyonse.

Vuto langa ndi alamu anga, achemwali awo a bambo a kunyumba, amene amakhala ku Area 49. Iwo ndi aakulu kwa amuna anga, ndipo ndi amene anawalipirira fizi kusekondale bambo awo atamwalira. Zimenezi ndimazidziwa ndipo ndimazilemekeza. Koma Azakhali, chiyambire holide yaikulu ija sukulu zitatsekera mu July, alamu akhala akubwera pafupifupi Loweruka lililonse ndi ana awo anayi. Akafika sayamba n'kukhala pansi komwe, amangoti "Mulamu, dimba lija likuti bwanji?" uku akulowera kuseri ndi jumbo m'manja.

Kuthyola kwake ndiye kumandiwawa kwambiri. Repu timathyola masamba akunja okhaokha, tiwiri kapena titatu paphata lililonse, kusiya timasamba tapakati kuti tikule sabata yamawa. Iwo amangogwira phata lonse n'kukudzula mpaka nsonga, pena mizu imachita kutukuka. Bedi limodzi lomwe ndinkayembekezera kudya ndi kugulitsa mpaka mvula itagwa linatha tsiku limodzi. Tomato amathyola ngakhale wongoyamba kumene kuyezuka, ati akapsera kunyumba. Tsiku lina ndinawauza mwaulemu kuti, "Alamu, dikirani ndikuthyolereni ndine," iwo n'kuseka, amvekere, "Iii, mwayamba kutiwerengera masamba?"

Ana awonso akaona beseni la masikono sapempha. Wamng'onoyo amang'amba sikono pakati, kudya mkati mofewamo, khungu lake n'kutaya pabwalo. Pochoka alamu amati ndiwakulungire ena a tiyi wa mawa. Pamapeto pake ndimapezeka kuti ndadya mpamba, fulawa wa Lolemba ndiyambe kukakongola kugolosale.

Musandione ngati ndine munthu womana. Kwathu ku Dowa mayi anga anandilera kuti mlendo sachoka chimanjamanja, ndipo apongozi anga akabwera kuchokera ku Ntcheu ndimawaphikira chigumu cha nthochi chomwe amachikonda, ndiwo ndimawathyolera ndekha mokondwa. Iwonso safika manja ali m'thumba. Amatitengera kachewere, nyemba, pena ufa wa mgaiwa, ngakhale ali okalamba ndiponso alibe chuma. Alamu a m'tauni muno, omwe amuna awo ali pantchito yabwino, sanabwerepo ndi paketi ya shuga ngakhale nthawi ija shuga ankasowa m'mashopu ine ndikufola pamzere kuti bizinesi isaime.

Nditawadandaulira bambo a kunyumba anandiyankha kuti chibale ndi fupa sichiola, ndipo masamba ndi masamba basi, sangayambanitse anthu. Anawonjeza kuti pakanapanda achemwali awowo, bwenzi iwo ali kumudzi osaphunzira. Ndinawafunsa ngati ngongole ya fizi ija tsopano ndikubweza ndine kudzera m'dimba, ndipo tsiku limenelo sitinalankhulane mpaka kugona. Chodabwitsa n'chakuti ndalama ya yunifolomu ya ana ikasowa, ndi omwewo amati, "Mayi a ana, kumasikono kuja kulibe kangachepe?"

Tsopano kwabwera nkhani ina yomwe yandichititsa kuti ndikulembereni. Pa 15 October, tsiku la anakubala, banja lonse lagwirizana zokaona apongozi kumudzi kwawo kufupi ndi Lizulu, ndipo akuti tikakhaleko sabata yathunthu chifukwa pali zokambirana za m'banja komanso kukonza denga la nyumba yawo mvula isanayambe. Ine ulendowu ndikuufuna, apongozi anga ndimawakonda. Koma October ndi mwezi womwe dimba silingagone masiku awiri osathirira. Tomato wanga ali ndi maluwa panopa, ndipo ndinamuwokera dala mochedwa kuti adzapse nthawi yomwe tomato amayamba kusowa pamsika. Eni maokala aja nawonso ndikangowasowa sabata imodzi apeza wina wowapatsa masikono, ndipo kuwabweza n'kovuta.

Alamu aja ndiwo akonza ulendo wonsewu. Anena kale pagulu la WhatsApp la banja kuti "masikono ndi makeke a paulendo abweretsa ndi mulamu wathu wa ku 25," osandifunsa, osatchulako za ndalama ya fulawa ndi mazira. Anthu opita kumeneko ndi ochuluka, ana osawerengeka. Za dimba akuti ndisadandaule, mnyamata wawo wamkulu atsala kuti azithirira ndi kuyang'anira nyumba. Mnyamata ameneyu ndi yemwe anatsala pakhomo ulendo wina titapita kumaliro, ndipo pobwera ndinapeza nazale ya anyezi itauma, keni ili pomwe ndinaisiya. Ana a oyandikana nawo nyumba anandiuza kuti ankagulitsa mpiru wanga pageti.

Mnzanga wina wa kutchalitchi akuti ndipite nayo nkhaniyi kwa ankhoswe. Ine ndikuona ngati kuitana ankhoswe chifukwa cha repu ndi masikono anthu adzandiseka, n'kumati mkazi wa uje ndi waumbombo. Mchemwali wanga akuti ndiike loko pakachitseko ka kudimba ndipo ndizilemba mitengo papepala n'kumata pabeseni, aliyense azigula, m'bale kaya mlendo. Zimenezonso ndikuopa kuti zingafike kwa apongozi zitapotozedwa, chonsecho iwo sanandilakwire kanthu. Ndinaganizapo zowapatsa alamuwo mbande kuti akadzale kwawo, poti malo ali nawo, koma anandiyankha kuti msana wawo sulola kuwerama.

Ndiye ndithandizeni Azakhali. Ndiwauze bwanji alamu anga, omwe ndi aakulu kwa ine, kuti dimba ndi uvuni ndi ntchito yanga yomwe ikudyetsa ana a mchimwene wawo, popanda kuoneka wamwano? Ndiyankhule ndekha kapena ndikakamire kuti anene ndi bambo a kunyumba, pomwe iwo akuopa achemwali awo? Nanga ulendo wa ku Ntcheuwu, kodi ndingalakwe nditapita tsiku la anakubala lokhalo, kukapereka chitenje changa kwa apongozi n'kubwerako mawa lake, ena n'kutsala? Masikono a paulendowo ndiphike ndi ndalama yanga, kapena ndilembe pagulu lomwelo kuti aliyense asonkhe ya fulawa?

Ndine,
Mayi wothedwa nzeru,
Area 25, Lilongwe