Mwana wakhoza, aphunzitsi n'kumulakwitsa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera mu nyuzi yanuyi chifukwa zimene zachitika sabata yathayi mpaka pano mtima sunakhale pansi. Mwana wanga wamkazi ali mu Sitandade 8, chaka chino alemba mayeso, ndiye Lachiwiri wabwera kunyumba maso ali psuu kope la Chingerezi lili m'manja. Anawauza kuti alembe chimangirizo chofotokoza ukwati umene anapitako, iye n'kulemba kuti "The bride looked beautiful". Aphunzitsi adula beautiful ndi cholembera chofiira, pamwamba pake n'kulemba beautifully, malikisi awiri n'kumuchotsera. Zikanathera pomwepo mwina ndikanangougwira mtima. Koma anamuimika kutsogolo, chiganizo chake chija n'kuchilemba pabolodi ngati chitsanzo cha kulakwitsa, kenako kalasi yonse n'kukopera "looked beautifully" kasanu m'makope.

Mwanayu anakhoza a Mkonzi, ndipo sindikunena chifukwa choti ndi wanga ayi.

M'mawa mwake ndinatseka shopu ndikupita kusukuluko, ndinalankhula mwaulemu ndithu, chipewa chili m'manja. Yankho lake akuti bambo, look ndi mneni ndipo mneni amayenda ndi adverb (muonjezi), lamulo ndi limenelo. Lamulo lake liti? Ndinawapempha kuti titsegule dikishonale, akuti ili mu ofesi ya ahedi ndipo makiyi apita nawo. Ndakhala pa benchi ola lathunthu, kenako belu linalira iwo n'kulowa m'kalasi osandiyang'ananso.

Nkhaniyi ndi yosavuta ngati munthu uyamba waganiza m'Chichewa chathu chomwechi. Ife tili ndi mawu awiri, kuyang'ana ndi kuoneka. Azungu mawu awiri onsewa anawaunjika pa mawu amodzi, look. Mkwatibwi akamayang'ana mwamuna wake mosangalala ndiye kuti akuchita kanthu ndi maso ake, pamenepo aphunzitsi akunena zoona, "she looked happily at her husband". Koma mkwatibwi akamaoneka wokongola palibe chimene iye akuchita, akuyang'ana ndife, iye wangokhala phee pampando wake ndi velo. Mawu otsatirawo akufotokoza mkwatibwiyo osati mayang'anidwe ake, n'chifukwa chake pamabwera adjective (mfotokozi). "She looked beautiful", "he looks tired", "the nsima looks hard". Mukalemba kuti "the bride looked beautifully" mukunena kuti mkwatibwi amayang'ana mokongola, ndiye amayang'ana chani? Tsegulani dikishonale ya Oxford kapena ya Longman, iliyonse imene muli nayo, pa look mupeza analemba kuti ikakhala ya kuoneka ndi linking verb, gulu limodzi ndi be, seem ndi appear. Akamanenanso kuti "the soup smells nice" osati nicely ndi lamulo lomweli.

Ine ndikuona kumene vutoli limachokera. Ife timati "akuoneka bwino", ndiye bwinoyo m'mutu mwathu amathamangira ku nicely. Timatinso "akuoneka ngati watopa", ngatiyo n'kusanduka like, mapeto ake mwana akulemba "he looks like tired" zomwenso ndi zolakwika. Like amafuna dzina patsogolo pake, "you look like your father", ukufanana ndi bambo ako, "it looks like a snake". Chikamatsatira chiganizo chathunthu pa mayeso ndi bwino kulemba as if, "he looks as if he has not slept". Seem ndi chimodzimodzi, "she seems tired" kapena "she seems to be tired". Appear nayo ili pawiri ngati look yemweyo, "he appeared calm" ndi kuoneka wodekha pomwe "he appeared suddenly" ndi kutulukira mwadzidzidzi, apa adverb ndi yololedwa. Zimenezi mphunzitsi wa Sitandade 8 amayenera kuzidziwa ngati dzina lake.

Nditafika kunyumba ndinati ndione kope lonse, ndipo ndinapezamonso zina. Mwana analemba "I looked my shoes everywhere", aphunzitsi n'kuchonga kuti wakhoza! Apa ndiye pamene panafunika cholembera chofiira chija, chifukwa kufunafuna ndi look for. Kuyang'ana chinthu ndi look at, kusamalira agogo ndi look after, apolisi akamafufuza nkhani ndi look into, kuderera munthu ndi look down on, kumulemekeza ndi look up to. Timawu ting'onoting'ono timeneti ndi timene timasintha tanthauzo lonse, ndipo mafunso a prepositions ndi phrasal verbs amabwera ndithu pa mayeso. Ndiye pokhoza mukulakwitsa, polakwa mukuchonga, mwanayu agwire ziti?

Chikundipweteka kwambiri n'choti Chingerezi kuno kwathu ndi chipata. Munthu ukhoza masamu, ukhoza sayansi, koma ukalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE suyiona, aliyense akudziwa zimenezi. Ana amene akopera beautifully kasanu aja anyamula cholakwikacho mpaka ku sekondale, ena adzachilemba pa kalata yofunsira ntchito, ena adzakhala aphunzitsi n'kukaphunzitsanso ana ena chomwecho. Ndipo ife makolo timalipira, anthu asamaganize kuti poti pulayimale ndi yaulere chiyambire 1994 ndiye kuti sititulutsa kanthu. Ya chitukuko tikupereka, ya mayeso a mock tikupereka, ya part time masana tikupereka kwa aphunzitsi omwewo, makope, yunifolomu, zonsezo ndalama yake ndi ya kusoka zovala za anthu mpaka usiku. Buku limodzi ana angapo kumaunjikana, kunyumba kubwera nalo saloledwa, ndiye mwana alibe poti n'kutsimikizira, chimene anena aphunzitsi kwa iye ndi chomwecho basi. Ndikudziwa kuti aphunzitsi akuvutika, kalasi ndi yodzadza malipiro ndi ochepa, ambiri ndimawalemekeza ndipo amene anandiphunzitsa ineyo zimenezi anali mphunzitsi wa pulayimale yemwe. Koma kuvutika sikuletsa munthu kutsegula dikishonale, ngakhale pafoni ilipo.

Pempho langa ndi ili, alangizi a maphunziro m'mazoni akamakumana ndi aphunzitsi ku TDC, malo awo ochitira maphunziro aja, atengeko ola limodzi lokha awaunikire za look, seem ndi appear, ndipo dikishonale izikhala patebulo m'kalasi osati yokhomeredwa mu ofesi. Aphunzitsi a mwana wangawo dzina sinditchula, akudzidziwa okha. Abweze malikisi awiri aja, ndipo pabolodi lomwe lija alembe "The bride looked beautiful" ana onse akuona.

Kholo lokhudzidwa,
Balaka