Kalata ya Abusa kwa Mpingo: Za Abale Athu Odwala Matenda Okhumudwa

Okondedwa mwa Ambuye, akulu a mpingo, atumiki, amayi a Chigwirizano, abambo, achinyamata ndi akhristu nonse a m'milaga yathu,

Chisomo kwa inu ndi mtendere wochokera kwa Mulungu Atate wathu ndi Ambuye Yesu Khristu.

Ndikukulemberani chifukwa cha maliro amene tinali nawo mwezi wathawu, a mbale wathu amene anadzichotsa yekha moyo, bambo amene tinkaimba naye nyimbo imodzi ndi kulandira naye Mgonero pa gome limodzi. Dzina lake mukulidziwa, ndipo sindilitchula muno chifukwa mkazi wake ndi ana ake akadali m'misozi. Imfayo inatipweteka tonse, koma chimene chandisowetsa mtendere kufikira lero ndi mawu amene anayenda pa siwa ndi m'njira yochokera kumanda. Ena ankati chikhulupiriro chake chinali chofooka, ena ankati analodzedwa ndi anzake a kuntchito, ena ankanong'onezana kuti panali tchimo limene ankabisa. Ndipo anthu omwewo ankavomereza kuti anali ataona kale kuti munthuyu wasintha, kuti analeka kubwera ku mlaga, anawonda, ndipo ankangokhala yekha kuseri kwa nyumba osayankhula. Tinaona ndithu, ndipo tinayankhula zambiri, koma palibe amene anamuperekeza kuchipatala.

Matenda okhumudwa alipo, ndipo achipatala amawadziwa bwino monga amadziwira shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Munthu aliyense amamva chisoni akaferedwa, mbewu zikakanika m'munda kapena ntchito ikatha, ndipo chisoni chotere chimapepuka masiku akamapita. Koma pamene kukhumudwako kukukhala tsiku lonse, pafupifupi tsiku lililonse, kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, ndipo munthu sakukondweranso ndi zinthu zimene ankazikonda kale, pamenepo ndiye kuti wadwala. Tulo timamusowa, kapena amadzidzimuka tambala asanalire n'kukhala maso mpaka kucha, pamene wina amangogona osafuna kutuluka m'nyumba. Chilakolako cha chakudya chimatha, thupi limalefuka, ntchito imene ankaigwira m'mawa umodzi imamutengera mlungu wathunthu, amaiwalaiwala, ndipo amayamba kudziona ngati wachabechabe ndi wolemetsa abale ake. Ambiri sanena n'komwe kuti akhumudwa. Amadandaula mutu, mtima kugunda kwambiri ndi kuphwanya kwa thupi, ndipo amamwa panado ndi mankhwala a malungo miyezi yambiri osachira.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 280 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo mwa amayi oyembekezera ndi amene angobereka kumene, woposa mmodzi mwa khumi aliwonse amawadwala. Limatinso anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse. Kuno kwathu malipoti a apolisi akhala akusonyeza chaka ndi chaka kuti ochuluka mwa amene amadzipha ndi amuna. Zoyambitsa zake tikukhala nazo m'makomo mwathu: ngongole za katapila ndi za banki m'khonde, mitengo ya zinthu imene yakhala ikukwera makamaka kuyambira pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nkhanza za m'banja, kubetcha kumene kwameza malipiro a anyamata athu, ndi matenda okhalitsa monga HIV ndi khansa. M'mabanja ena matendawa amayenda m'magazi, ndipo nthawi zina amagwira munthu amene m'nyumba mwake zonse zikuoneka kuti zili bwino. Kachasu ndi chamba zimene ena amathawirako zimangowonjezera matendawo.

Tsopano ndiyankhule za cholakwa chathu, ndipo sindichizungulira. Mpingo uno uli ndi lilime loweruza odwala. Mkhristu akadwala malungo timapita ndi phala ndi nkhuni, koma akadwala maganizo timapita ndi mafunso ndi chidzudzulo. Timamufunsa ngati akupemphera, timamufunsa chimene anachimwa, timamuuza kuti mwana wa Mulungu sakhumudwa, kenako nkhani yake timaitengera kumjigo ndi kumsika. Ndamva kuti mayi wina wa mumpingo muno, amene anapatsidwa mankhwala kuchipatala atabereka mwana, anauzidwa ndi amayi anzake kuti awataye chifukwa kumwa mankhwala otero ndi kukayika mphamvu ya Mulungu. Amayi anga, ulamuliro umenewo munaupeza kuti? Ndani wa inu anatayapo mankhwala ake a shuga kuti aonetse chikhulupiriro? Ambuye wathu anati, "Olimba safuna sing'anga ayi, koma odwala." Ndipo ophunzira atamufunsa za munthu wosaona uja kuti anachimwa ndani, anayankha kuti, "Sanachimwe ameneyo, kapena atate wake ndi amake."

Ndikunena ngati mbusa wanu kuti kuuza wodwala kuti asiye mankhwala ndi tchimo, ndipo kufalitsa zimene munthu wakuuzani m'chinsinsi pofuna thandizo ndi tchimonso. Pali ena amene miseche amaiveka chovala cha pemphero, amene amaimirira mu mlaga n'kunena kuti tipempherere uje, kenako n'kufotokoza zonse za m'nyumba mwake pamaso pa anthu. Munthu amene wachitidwa zotere sadzatsegulanso pakamwa pake, ndipo ena amene anamva nawo amaphunzira kuti kuno sikoululira zowawa. Umu ndi mmene timakankhira anthu kuseri kwa nyumba, kumene amakakhala okha ndi maganizo awo. Yobu anawauza anzake aja kuti, "Inu nonse ndinu otonthoza mtima ondilemetsa." Sindifuna kuti mawu amenewa anenedwe za mpingo uno. Kuyambira tsopano, nkhani ya wina aliyense amene aletsa wodwala kumwa mankhwala, kapena kuulula chinsinsi cha wodwala, idzafika ku bwalo la akulu a mpingo monga zimafikira nkhani zina za mwambo, ngakhale wolakwayo atakhala mkulu wa mpingo kapena mtsogoleri wa Chigwirizano.

Amene mumati wokhulupirira sakhumudwa, werenganinso Mawu. Wamasalimo anaimba kuti, "Udziweramiranji moyo wanga iwe? Ndi kuzingwa m'kati mwanga?" Eliya, atangochoka pa phiri la Karimeli pamene moto unatsika kumwamba, anakhala pansi pa mtengo m'chipululu napempha kuti afe, ndipo mngelo wa Yehova anamukhudza, nampatsa mkate ndi madzi, namlola kugonanso. Ambuye Yesu mwini m'Getsemane anati, "Moyo wanga uli wozingidwa ndi chisoni cha kufika nacho kuimfa," ndipo anapempha ophunzira atatu kuti achezere naye pamodzi. Kodi tinena kuti awa anali osowa chikhulupiriro?

Matendawa amachizika, ndipo thandizo lake limayambira pa chipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi. Mukafika, fotokozani zonse momasuka, za tulo, za chakudya, za maganizo ofuna kufa ngati alipo, osangonena za mutu wokha. Pa zipatala za boma za m'maboma pali anamwino ndi madokotala amene anaphunzira za matenda a maganizo, ndipo iwo amayambanso aona ngati pali vuto lina m'thupi, monga kuchepa kwa magazi kapena matenda a chithokomiro, limene lingabweretse zizindikiro zofanana. Ambiri timaopa kuti tikangotchula za maganizo atitumiza ku Zomba Mental Hospital n'kutitsekera. Odwala matenda okhumudwa ochuluka sagonekedwa n'komwe, amalandira thandizo n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Chipatala cha ku Zomba chija, pamodzi ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi zipatala monga zina zonse, ndipo kupitako si chamanyazi.

Thandizo lina ndi uphungu, kukhala pansi ndi munthu wophunzitsidwa amene amamvetsera ndi kuthandiza wodwala kumasula mavuto ake limodzi ndi limodzi. Ku Zimbabwe dokotala wina, Dixon Chibanda, anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench mu 2006, yophunzitsa agogo aakazi wamba kuti azikhala pa benchi panja pa chipatala n'kumacheza ndi ovutika maganizo, ndipo kafukufuku anasonyeza kuti anthu ambiri anapeza bwino. Ngati agogo a ku Harare anatha, amayi ndi abambo a mpingo uno akhozanso kutha, malinga aphunzitsidwe ndiponso adziwe kusunga pakamwa. Thandizo lina ndi mankhwala, monga fluoxetine ndi amitriptyline. Mankhwalawa sagwira ntchito tsiku limodzi. Pamapita milungu iwiri mpaka inayi, kwa ena kuposerapo, munthu asanayambe kumva kusintha, ndipo masiku oyambirira ena amamva tulo, kuuma kukamwa kapena mseru. Apa ndi pamene ambiri amasiyira, akuti mankhwalawo sakuthandiza. Ena amasiya akangoyamba kupeza bwino, pamene achipatala amalangiza kupitiriza kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo munthu atachira, kuti matenda asabwerere. Wofuna kusiya akambirane ndi amene anamulembera mankhwalawo. Pempherani ndithu, ndipo ine ndidzapemphera nanu, koma mukatha kunena Ameni, imwani mankhwala anu.

Wina akanena kuti watopa ndi moyo, kuti bola atafa, kapena akayamba kugawa katundu wake ndi kutsanzika mosadziwika bwino, musaseke ndipo musanene kuti akungofuna kuti anthu amumvere chisoni. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha, chifukwa kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwake, ndipo ambiri amapepukidwa akapeza womufotokozera. Musamusiye yekha, ngakhale usiku. Chotsani pafupi naye mankhwala ophera tizilombo a m'munda ndi a m'nkhokwe, mankhwala a makoswe, zingwe ndi china chilichonse choopsa, ndipo mankhwala ake a kuchipatala asungidwe ndi wachibale amene azimupatsa mlingo wa tsiku limenelo lokha. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti abusa abwere kaye, osadikiranso Lamulungu.

Abambo anzanga, tinaleredwa ndi mawu akuti mwamuna salira, ndipo mawu amenewa akudzaza manda athu ndi amuna a zaka zogwira ntchito. Ngongole ikakula, ntchito ikatha, banja likagwedezeka, timatseka pakamwa n'kumayenda ngati zonse zili bwino mpaka tsiku limene mkazi ndi ana adzatipeza mochedwa. Ngongole imakambidwa ndipo imabwezedwa pang'onopang'ono, koma ana amasiye alibe wowabwezera bambo wawo. Bwerani tidzakambirane, kapena pitani kwa mnzanu amene mumamukhulupirira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipo iwe mwana wanga amene ukumva kalatayi uli m'kati mwa mdima umenewu, amene wabwera kutchalitchi lero mokakamiza thupi, kapena walephera n'kubwera komwe, Mulungu sanakutaye ndipo sukulangidwa. Maganizo amene akukuuza kuti ndiwe wopanda pake ndi kuti abale ako adzapuma ukachoka akuchokera m'matendawo, ndipo amasintha munthu akalandira thandizo. "Yehova ali pafupi ndi iwo a mtima wosweka." "Bango lophwanyika sadzalithyola." Ngati pemphero likukukanika masiku ano, ife tipemphera m'malo mwako. Uza munthu mmodzi lero lomwe. Khomo la kunyumba ya abusa ndi lotsegula, ndipo zimene udzandiuze sizidzamveka pa guwa kapena kwina kulikonse, kupatula pamene moyo wako uli pangozi ndipo tiyenera kuthamanga nawe kuchipatala.

Bwalo la akulu a mpingo lagwirizana zotsatirazi. Mlaga uliwonse usankhe anthu awiri, bambo mmodzi ndi mayi mmodzi, odziwika kuti ndi osunga chinsinsi, ndipo mayina awo afike kwa mlembi wa mpingo pofika Lamulungu likubwerali. Osankhidwawo adzasonkhana m'tchalitchi muno Loweruka lotsatira kuyambira 8 koloko m'mawa, pamene namwino woona za matenda a maganizo wochokera ku chipatala cha boma adzawaphunzitse kuzindikira zizindikiro, kumvetsera ndi kutumiza odwala kuchipatala. Amayi a Chigwirizano akonze chakudya cha masana, ndipo milaga ibweretse ufa ndi nkhuni. Tatsegulanso thumba lolipirira ulendo wa odwala ndi owaperekeza, chifukwa ena amasiya mankhwala pakati posowa ndalama ya minibasi kapena kabaza. Banja lililonse likupemphedwa kupereka K2,000, kapena chimanga ndi mtedza kwa amene alibe ndalama, ndipo atumiki adzayenda ndi maenvulopu m'milaga. Msungichuma adzawerenga zolowa ndi zotuluka mwezi uliwonse popanda kutchula dzina la wothandizidwa. Pa 10 Okutobala dziko lonse limakumbukira za umoyo wa maganizo, choncho Lamulungu loyandikana ndi tsikulo chopereka chapadera chidzapita ku thumba lomweli.

Za banja loferedwa lija, amayi ndi ana akhale m'malo awo a masiku onse m'tchalitchi, ndipo pasapezeke wowafunsa mafunso kapena wowaloza chala. Mlaga wawo upitirize kuwayendera, ndipo achinyamata akawathandize kumunda mvula isanagwe. "Nyamuliranani zothodwetsa, ndipo kotero mufitse chilamulo cha Khristu."

Kalatayi iwerengedwe m'mapemphero onse awiri a Lamulungu lino ndiponso m'milaga yonse pa tsiku la mapemphero a m'kati mwa mlungu.

Ine wanu mu utumiki wa Khristu,
Mbusa wa mpingo