Usanalongedze, bweza kaye laser

Tiyamike mwana wanga,

Voice note yako ya usiku ija ndaimvera kawiri, amayi ako katatu mpaka kulephera kugona. Ukuti pa kafukufuku wako wa mu labu uja wa maatomu ozizira ogwidwa ndi kuwala kwa laser, timadontho towala tija tasowa pa chithunzi changotsala chimtambo chambuu, ndiye basi maatomu atentha, miyezi eyiti yapita pachabe, mawa ukukauza apulofesa kuti zakukanika. Tadikira kaye iwe.

Ine choko ndinachisiya kalekale koma fizikisi sinachoke m'mutumu, ndipo pepala la 2002 unanditumizira lija, la Markus Greiner, Immanuel Bloch ndi anzawo aku Munich ku Germany, ndinaliwerenga ndi dikishonale pambali sabata yathunthu. Iwo aja anatenga maatomu a rubidium ozizira kutsala pang'onong'ono kufika -273.15°C, pomwe kuzizira kumathera, nkuwaika pomwe ma laser akumana kuchokera mbali zonse, kuwalako nkupanga timaenje tondondozana. Ine ndimangoona bawo la agogo ako lija. Maenje akakhala osaya maatomu amadumphadumpha enje ili ndi ilo, onse nkumayenda ngati funde limodzi, sunganene kuti muno muli angati, imeneyo ndiye superfluid ndipo ukawamasula pozimitsa ma laser nkujambula mpamene timadontho takuthwa tija timaoneka. Ukaonjezera mphamvu ya laser maenje amazama, kudumpha kumavuta, komanso maatomu awiri akakhala enje limodzi amakankhana, ndiye aliyense amangokhala phee m'kaenje kake, nambala yake yosasintha. Mott insulator imeneyo. Timadontho timasowa, chimatsala chimtambo.

Waona? Chithunzi chikukuliza iwecho chikufanana ndi chomwe anthu aja anasangalala nacho. Kusinthaku sikuli ngati ayisi kusungunuka padzuwa ayi, kutentha kulibe mbali, ndi mpikisano chabe wa kudumpha ndi kukankhana ndipo kumachitika ngakhale kuzizira kutafika pamapeto penipeni.

Sindikukunyengerera, mwinadi atentha, laser ikamanjenjemera imatenthetsa maatomu ndipo chimtambo chake chimaoneka chomwecho. Koma mmene aku Munich anasiyanitsira mpamene panandikomera ine. Sanakangane, anangotsitsanso laser maenje nkukhala osaya, timadontho tija nkubwerera mu ma millisecond ochepa chabe, kagawo kakang'onong'ono ka sekondi, zomwe mtambo wosokonezeka kale sukanachita msanga choncho. Mu voice note yonse ija, mphindi naini, sunatchule olo kamodzi kuti unayesa kubweza. Unangokweza, kujambula, kulira. Khalidwe limeneli ndi langa lomwe, ine ndinataya wailesi yabwinobwino chonsecho vuto anali mabatire, amayi ako mpaka lero amandiseka.

Komanso miyezi eyiti ukuidandaulayo, Dieter Jaksch, Peter Zoller ndi anzawo analemba mu 1998 kuti kusintha kwa maatomu m'maenje a laser kumeneku kutheka, kuzioneka ndi maso mpaka 2002. Za Einstein za 1925 zija, zoti maatomu ozizira kwambiri akhoza kukhala ngati funde limodzi, zinadzaoneka ku Boulder ku America mu 1995 mwini wake atamwalira kalekale.

Ndiye mawa usayambire ku ofesi ya apulofesa. Idya kaye chakudya chenicheni osati khofi ndi buledi wouma uja, ulowe mu labu, ukweze, utsitse, ujambule kangapo. Akabwerera timadontho unditumizire chithunzicho pa WhatsApp, akapanda kubwerera unditumizirebe kenako uyeze kunjenjemera kwa laser usanauze munthu chilichonse. Amayi ako akufunsa ngati jekete ija ikukwanabe.

Ndine bambo ako