Kalata yochokera ku Mulanje: za zeolite munafunsa zija

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Johannesburg kumeneko. Kuno tili bwino, kungoti chiperoni chatigwira sabata yonse.

Munafunsa ngati zeolite, mwala uja wa timabowo tating'onoting'ono tosefa zinthu, amachita kukumba kapena kupanga. Zonse ziwiri zimachitika. Yachilengedwe, monga clinoptilolite, inapangika pamene phulusa la mapiri ophulika linagwera m'madzi a mchere wa soda n'kukhalamo zaka zikwizikwi. Amangoikumba, kuiphwanya ndi kuisefa, koma imabwera yosakanikirana ndi miyala ina. Yopanga inayamba ndi kafukufuku wa Richard Barrer m'ma 1940, kenaka Robert Milton wa kampani ya Union Carbide anapanga zeolite A, ija amaika mu sopo waufa kuti ifewetse madzi.

Zeolite A imatheka kuchokera ku dothi loyera la kaolin, longa la ku Linthipe ku Dedza. Liwotcheni pa madigiri a Celsius 600 mpaka 700 kwa maola awiri kapena atatu. Apa pakufunika maso. Moto ukachepa, dothilo silisungunuka mu caustic soda. Ukapitirira 900, limasintha n'kukhala louma gwa, osagwiranso ntchito. Kenaka sungunulani magalamu 120 a caustic soda m'lita imodzi ya madzi, muthiremo magalamu pafupifupi 100 a dothi lowotchalo, mutakase bwino, ligone usiku umodzi. M'mawa litenthetseni pa madigiri 90 mpaka 100 kwa maola anayi kapena asanu, chiwiya chili chovindikira kuti madzi asaphwe. Musanene kuti kukhalitsa pamoto n'kupsa bwino. Mukachedwa kuphula, kapena soda akachuluka, mumapeza sodalite, yomwe timabowo take n'tating'ono kwambiri moti siisefa kanthu. Mukaphula, tsukani ndi madzi oyera kangapo mpaka kuterera kwa soda kutha, n'kuyanika.

Chonde musaphikire m'poto wa aluminiyamu. Soda amadya potoyo n'kutulutsa mpweya woyaka. Pezani chiwiya cha stainless steel, muvale magolovesi ndi magalasi oteteza maso.

Koma ngati cholinga ndi munda wanu wa tiyi ku Thyolo, yopangayi musaithire m'nthaka, ili ndi sodium wambiri amene amawononga dothi. Kumunda ifunika clinoptilolite, yomwe imagwira ammonium wa feteleza kuti asakokoloke ndi mvula yathu yambiriyi, n'kumamutulutsa pang'onopang'ono. Ku Johannesburg kumeneko mungaipeze mosavuta kusiyana ndi kuno, ndiye mufunsefunse mtengo wa thumba mundiuze.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu,
wa ku Mulanje